R690 yapita, ogula awiri basi: kodi pa intaneti timalipira chiyani kwenikweni?

Make Tadala, Turffontein, ku Joni:
Mwaswera bwanji abale nonse. Ndithandizeni nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ambiri mukundidziwa, ndimagulitsa zakumudzi: usipa, utaka, mpunga wa Kilombero, nyemba, tiyi wa Chombe ndi Sobo. Mwezi watha mwana wanga anandipangira boost pa Facebook, kulipira kuti chithunzi cha katundu wanga chionekere anthu ambiri, kwa masiku 6. Tinaika R600, koma ku banki kunachoka R690. Atandionetsa zotsatira mtima unakhala pansi: akuti chithunzi chaoneka ka 14,200, ma like 310, odina 41. Koma ondilembera pa WhatsApp anali 9, ogula awiri basi. Pa oda imodzi ndimatsala ndi R120 kapena kucheperapo. Tsono dzulo mnyamata wina wa page ya Amalawi pa Facebook wanditchaja R400 kuti aike katundu wanga kamodzi kokha. Mtima ukukana. Ndalama zimenezi timagulira chiyani? Maso a anthu, chala chawo, kapena chiyani?

Che Jafali, Mayfair:
Amayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ma like 310 simungalipire nawo lendi. Ine ndasoka kuno zaka 11, sindinalipirepo ngakhale kobiri. Ndikasoka kanzu kapena diresi ndimajambula n'kuika pa status ya WhatsApp, kwinako anthu amauzana okha potuluka ku Juma.

Nachisale, Cosmo City:
Achemwali, R90 yoonjezerayo ndi VAT, kuno ndi 15%. Inenso inandidzidzimutsa ulendo woyamba. Muziiwerengera pamodzi musanadine.

Yamikani, Braamfontein:
Amayi, pepani ndachedwa, ndinali pa ntchito. Ndimagwira ku kampani yotsatsira ena malonda, ndiye manambala amenewa ndimakhala nawo tsiku lonse. Tiyeni tigawe R690 yanuyo kanayi.

Mukaigawa ndi kuoneka kwa chithunzi, mwalipira pafupifupi R49 pa kuoneka 1,000 kulikonse. Imeneyo ndiye CPM, ndipo M-yo ndi ya liwu la Chilatini lotanthauza chikwi. Dziwaninso kuti kuoneka ka 14,200 si anthu 14,200 ayi, munthu mmodzi akhoza kuchiona katatu. Mukaigawa ndi odina 41, aliyense wakudyerani pafupifupi R17, ndiye CPC. Mukaigawa ndi 9 amene analemba, ndi R77 munthu mmodzi. Mukaigawa ndi ogula awiri, R345 pa kasitomala. Yomalizayi amaitcha CPA.

Ndalama ndi imodzimodziyo. Koma nambala yoyamba imaoneka yotchipa, yomaliza imaluma. Aliyense wogulitsa malo otsatsira adzathamangira kukuonetsani yoyambayo. Inu maso anu azikhala pa yomaliza, chifukwa ndi yokhayo imene ingafanizidwe ndi phindu lanu.

Make Tadala:
Ndiye kuti ndaluza R450 mwana wanga? Awiri aja anandisiyira R240 basi.

Yamikani:
Ndifunse kaye. Awiriwo anabweranso?

Make Tadala:
Mmodzi sindinamuonenso. Winayo, mayi wa ku Rosettenville, wabweranso kawiri, ndipo Lamlungu anandibweretsera mnzake wa ku tchalitchi amene anatenga mpunga ndi usipa.

Yamikani:
Ndiye werengani bwino: maoda awiri oyamba, awiri obwereza, imodzi ya mnzake. Asanu pa R120 ndi R600. Yatsala R90 kuti ndalama yanu ibwerere, ndipo mayi ameneyu sanasiye kudya nsima. Akapitiriza kugula mpaka December, R345 ija idzaoneka yochepa. Simunapindule kwambiri ayi, sindikufuna kukunamizani, koma simunatayenso m'madzi monga mukuganizira.

Bambo Gondwe, wa transport:
Moni wa madzulo. Ndakhala ndikuwerenga ndili pa mzere wa dizilo. Ine wina atandiuza kuti lipira R345 ndikupatse kasitomala mmodzi weniweni, ndikhoza kulipira pompano. Munthu mmodzi akandipatsa firiji, matilesi ndi malata opita ku Mzimba, ndikachotsa mafuta, ma toll, zolipira pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Mwanza, ndimatsala ndi R900 kapena kuposa. Mtengo umene ukuwaliza Make Tadala kwa ine ndi wotchipa. Ndiye funso loti R345 ndi yodula kapena ayi lilibe yankho limodzi, zitengera ukugulitsa chiyani.

Koma njira yanga ndi ina. Ndili ndi anyamata awiri amayendayenda cha ku Park Station ndi ku Dragon City. Akandibweretsera munthu, katundu wake n'kukweradi pa thiraki, ndimawapatsa R150. Akapanda kubweretsa, palibe. Zili ngati oitanira minibasi ku depoti ku Lilongwe: amalandira minibasi ikadzaza, osati chifukwa wakuwa kwambiri.

Yamikani:
Malume, mwaifotokoza CPA kuposa mmene amaphunzitsira ku sukulu. Ndipo mwafika pa mutu weniweni wa nkhaniyi. Kusiyana kwa njira zonsezi ndi kwakuti ndani akusenza chiopsezo. Mukalipira pa kuoneka, chiopsezo chonse ndi chanu: anthu agule asagule, mwini malo walandira. Mukalipira pa kudina mwagawana: iye ayesetse kuti anthu adine, inu muyesetse kuti odinawo agule. Mukalipira pa kasitomala, chiopsezo ndi cha woitanira. N'chifukwa chake woitanira amatchaja ndalama yambiri pa munthu mmodzi, R150 osati R17.

Che Jafali:
Nanga bwanji a Facebook osalandira ngati anyamata a Gondwe? Ndigulitse kaye, kenako ndilipire. Ndipo mtengowo amaika ndani? Ku wailesi kumudzi ukapita ndi chidziwitso ku Zodiak kapena ku MBC amakuuza mtengo usanatulutse ndalama.

Yamikani:
Che Jafali, funso lanu loyamba: malonda a Make Tadala amathera pa WhatsApp, ndalama n'kulandirana pamanja kapena pa foni. Makina saona zimenezo, ndiye sangadikire chinthu chimene sadzachiona. Pa boost yambiri mumalipira pa kuoneka, ngakhale mutasankha kuti mukufuna mauthenga. Chimene chimasintha ndi anthu amene akuonetsedwa. Apa ndi pamene ndikuganiza kuti zinakhota. Amayi, afunseni a Tadala anasankha chiyani. Ndikukhulupirira anasankha zoti anthu achite like ndi kuyankhapo. Makina amamvera ndendende zimene mwawatuma. Mukawatuma ma like, akusakirani anthu okonda kuchita like pa chilichonse, ndipo anthu otero ndi ambiri komanso otchipa. Mukawatuma mauthenga a WhatsApp, akusakirani anthu amene amakonda kulemba. Kuoneka kudzachepa, CPM idzakwera, koma olemba akhoza kuchuluka.

Lachiwiri: mtengo wokhazikika palibe, ndi okushoni. Amene munapitako ku Kanengo kapena ku Limbe ndi fodya mukudziwa: belo ndi lomwelo, koma mtengo umatengera ogula amene alipo tsiku limenelo. Kungoti kuno ogula ndife, mabelo ndi maso a anthu. Munthu akangotsegula foni, otsatsa onse omufuna amapikisana nthawi yomweyo. Ndipo sapambana wa ndalama zambiri yekha. Amaphatikiza ndalama imene mwaika, mwayi woti munthuyo achitadi chimene mukufuna, ndi ubwino wa chotsatsacho. Chithunzi chooneka bwino cha usipa chikhoza kugonjetsa wa ndalama zambiri amene waika zosakopa.

Zolipira pa kudina zinatchuka ndi kampani ya GoTo.com mu 1998, Google n'kuzitengera mu 2002 ataphatikizapo zoyang'ana ngati anthu akudinadi. Mpaka lero pa Google, munthu akafufuza, mumalipira akadina. Kumeneko malume akhoza kupindula, chifukwa munthu wolemba zofuna thiraki yopita ku Malawi ali kale ndi katundu pakhomo. Pa Facebook munthu sakufufuza kanthu, akungoona zithunzi za ukwati wa mlongo wake, inu n'kumudula.

Make Tadala:
Ndamufunsa Tadala. Akuti anasiya mmene zinalili, sanasinthe kanthu. Malo anaika South Africa yonse.

Nachisale:
Ndi pamenepo achemwali! Wa ku Durban kapena ku Cape Town angabwere ku Turffontein kudzagula usipa wa R80? Mwalipirira maso ake koma mwendo wake sungafike. Ine wa salon ndimaika malo ozungulira Cosmo City, Honeydew ndi Randburg basi, poti munthu sakwera mataxi atatu kudzalukitsa tsitsi. Ndimayatsa kuyambira pa 25 mpaka pa 3, anthu atalandira. Pakati pa mwezi amangofunsa mtengo n'kusowa.

Yamikani:
Zoona. Ndipo kumbukirani nyengo. November, nthawi ya Black Friday, mpaka Khirisimasi, masitolo akuluakulu amakhuthula ndalama mu okushoni imeneyi, ndiye R600 yomweyo imagula maso ochepa. January mitengo imatsika, kungoti anthunso m'thumba mumakhala mopepuka.

Chimwemwe wa page, Tembisa:
Akuluakulu, ndiloleni ndilankhulepo. Si ine amene ndinatchaja amayiwa R400, koma inenso ndili ndi page ndipo ndimatchaja motero, ndiye sindibisala. Anthu amaganiza kuti timangolandira ndalama yaulere. Ndamanga page imeneyi zaka 5. Maliro akachitika ndimalengeza ulere, munthu akasowa ndimaika chithunzi ulere, data ndi yanga. Ndikanena kuti mayi uyu usipa wake ndi wabwino, anthu amakhulupirira chifukwa amandidziwa. Makina a achimwene Yamikani angakuonetseni kwa anthu 14,000, koma sangakuikireni umboni. Kuno ku Joni anthu aberedwa kwambiri, wina kutumiza deposit katundu osafika. Chimene ndimagulitsa ine si maso, ndi chikhulupiriro.

Nachisale:
Achimwene, sindikutsutsa, koma ndinene zanga. Chaka chatha ndinalipira R350 ku page ina ya otsatira 60,000. Foni inalira tsiku lonse, mtima unasangalala. Koma pafupifupi onse anali a ku Lilongwe, Mzuzu, Blantyre. Ena amafunsa ngati ndingawapezere ntchito, ena amafunsa mtengo wa basi. Wodzalukitsa anali mmodzi. Ndinalira usiku umenewo chifukwa inali ndalama ya sukulu ya mwana. Mwini page sananame, otsatira analidi 60,000. Kungoti sanali anga.

Bambo Gondwe:
Koma taonani, page yomweyo kwa ine ndi mgodi. Mayi ali ku Ekwendeni akaona nambala yanga amamuimbira mwana wake ali ku Diepsloot kuti tumiza simenti ndi njinga pa thiraki iyi. Theka la makasitomala anga amatumidwa ndi akumudzi.

Yamikani:
Ndiye muone, page imodzi, mtengo umodzi, wina walira wina wapeza mgodi. Achimwene Chimwemwe akunena zoona pa za chikhulupiriro, sindingazichepetse. Koma amayi, musanapereke R400 pemphani zinthu ziwiri. Akutumizireni chithunzi cha mizinda imene otsatira ake ali, mwini page aliyense amaziona zimenezi. Akuonetseninso kuti mapositi ake asanu apitawa anafikira anthu angati. Nambala ya otsatira payokha siuza kanthu, positi sifikira onse, ndipo otsatira ena amachita kugulidwa. Ngati pa 60,000 a ku Joni ndi 6,000, ndipo positi imafikira gawo limodzi mwa magawo atatu, mukulipira R400 pa anthu 2,000. Imeneyo ndi R200 pa chikwi, kanayi kuposa boost ija. Ikhoza kukhalabe yoyenera ngati mawu ake amagulitsadi, koma mudziwe chimene mukugula.

Chimwemwe:
Zimenezo ine ndimaonetsa, vuto palibe. Amene akukana kuonetsa muthaweni.

Bambo Gondwe:
Nanga bwanji osagwira ngati anyamata anga? Ulandire pa munthu amene wagula.

Chimwemwe:
Malume, ndinayesapo. Ndinamuikira munthu wina wogulitsa mafoni, tinagwirizana R40 pa foni. Anthu amandiuza okha kuti tagula, iye akuti palibe wabwera. Anyamata anu amaona katundu akukwera ndi maso awo. Ine ndili ku Tembisa, malonda akuchitikira ku Turffontein, ndidziwa bwanji? Ndiponso ngati wogulitsa sayankha foni, kapena mtengo wake ndi wokwera, ine ndiluze chifukwa cha iye?

Che Jafali:
Apa mnyamatayu wanena zomveka. Koma ine ndili ndi funso lina kwa Yamikani. Mayi wa ku Rosettenville uja mukumuwerengera ku boost. Mukudziwa bwanji kuti sakanabwera yekha? Rosettenville ndi Turffontein ndi khomo ndi khomo. Mwina akanamva kwa mnzake sabata yotsatira. Ndiye mwalipira R345 kugula munthu amene anali kale m'njira.

Yamikani:
Che Jafali, funso limeneli ndi limene limavutitsa ngakhale makampani a mamiliyoni, ndipo sindikuuzani kuti lili ndi yankho lophweka. Makina amakonda kudzitamandira malonda alionse ochitika munthu ataona kapena kudina. Ndipo kuona kwawo kunachepa kuyambira April 2021, Apple itayamba kufunsa eni iPhone ngati akulola kutsatiridwa. Ambiri anakana, mpaka Meta, kampani ya Facebook, inauza eni masheya kuti zimenezi ziidyera pafupifupi madola 10 biliyoni mu 2022. Ngati akuluakulu amenewo amavutika kudziwa amene wagula chifukwa cha chiyani, ife tisadalire manambala a pa foni okha.

Koma ife tili ndi mwayi umene iwo alibe: timalankhula ndi kasitomala aliyense. Amayi, gulani kabuku ka R10. Aliyense wobwera koyamba mufunseni, mwamva kuti za ine? Lembani. Kenako yatsani milungu iwiri, zimitsani milungu iwiri, mufanizire atsopano amene abwera. Muonetsetse kuti mbali zonse ziwiri zili ndi masiku a malipiro, apo ayi mudzanamizidwa ndi kutha kwa mwezi.

Ndipo ndikutsutseni pang'ono mwaulemu. Status yanu si yaulere. Mwailipira ndi zaka 11. Status imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana nambala. Inu muli ndi mazanamazana. Amene wayamba geni chaka chino ali ndi achibale ndi a ku tchalitchi basi, ndipo akhoza kuika status mpaka chala kutupa osafikira munthu watsopano.

Che Jafali:
Pamenepo ndavomera. Chaka changa choyamba ndinkasoka zigamba zokha. Koma ndikanali kunena kuti kasitomala wobwera ndi mnzake saposedwa.

Nachisale:
Palibe akukana a Che. Boost ntchito yake ndi kubweretsa woyambayo. Wachiwiri amabwera ndi dzanja lako.

Make Tadala:
Mwana anandilembera m'Chingerezi, akuti zimaoneka zapamwamba. Kodi zimenezonso zinalakwika?

Yamikani:
Ine ndikanalemba m'Chichewa, ndi mtima wonse. Wogula usipa ndi Mmalawi, kapena wa ku Chipata, kapena wa ku Tete. Mukalemba kuti "usipa wafika dzulo kuchokera ku Mangochi, mbale R80, Turffontein", amene sakumva angodutsa osadina, osalemba, osakutayitsani nthawi. Amene akumva aima, chifukwa pakati pa Chingerezi ndi Chizulu chonsechi waona chilankhulo cha kwawo. Makinanso amaphunzira kwa oyamba kulembawo n'kusaka ofanana nawo. Ikaninso mtengo poyera. Ena amabisa mtengo kuti anthu afunse, koma ngati uthenga uliwonse ukukudyerani R77, simukufuna munthu wongofunsa kuti zingati n'kuthawa. Ndipo chithunzi chikhale chanu chenicheni, cha mbale yanu, osati chotola pa intaneti. Vidiyo yaitali ambiri amaidumpha poopa data.

Admin:
Zokambirana zabwino abale, ndaziika pamwamba kuti ena adzawerenge. Ndikumbutse ziwiri. Wina wandilembera kumbali kuti akugulitsa manambala a Amalawi 3,000 pa R250. Pa gulu lino ayi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo kutumizira anthu mauthenga a malonda asanavomere ndi kuphwanya lamulo. Ambiri mwa ife tili kale ndi nkhawa zokwanira, tisadziitanire zina. Chachiwiri, a ma page, positi ikakhala yolipiridwa nenani kuti ndi yolipiridwa. Malamulo a zotsatsa kuno amafuna zimenezo, komanso ndi ulemu kwa anthu amene amakukhulupirirani.

Chimwemwe:
Zamveka a Admin, ine ndimalemba pamwamba penipeni. Amayi Make Tadala, ngati mungafune tiyese chonchi. Mundipatse R150 poyamba, ya ntchito yanga. Pa positi ndilemba kuti aliyense wonena kuti "ndatumidwa ndi Chimwemwe" alandira basela ya kambale ka mtedza. Aliyense wogula atanena mawu amenewo, mundipatse R30. Anthu sadzaiwala kunena chifukwa akufuna baselayo, ndipo ine ndidzawamva akuyamikira pansi pa positi. Akabwera 9 ndapitirira R400 ija, akabwera awiri mwaluza zochepa.

Bambo Gondwe:
Eya, tsopano mwagawana katundu. Koma amayi muwerengerenso mtedzawo, nawonso ndi ndalama.

Make Tadala:
Ndawerengera malume, kambale kamandidyera R10. Ndiye kasitomala wa achimwenewa ndi R40 kuphatikiza gawo la R150 ija. Akabwera asanu ndi R70 mmodzi, ndikadali ndi phindu pa oda yoyamba yomwe. Achimwene Chimwemwe, nditumizireni kaye chithunzi cha mizinda chija, ndikachiona tipangana. Koma sindichita zonse pakamodzi, ndingasokonezeke kuti wabwera ndi ndani. Kutha kwa mwezi uno ndiyesa page. Kutha kwa mwezi wa mawa ndiyesa boost ya R300, ya mauthenga, m'Chichewa, Turffontein, Rosettenville, La Rochelle ndi Booysens basi. Kabuku ndagula kale, kali ndi ngongole za anthu, ndingotembenuza kumbuyo.

Yamikani:
Bwino kwambiri amayi. Chimodzi chokha: masiku amene yayaka, foni ikhale m'manja. Munthu akalemba 10 koloko inu n'kuyankha madzulo, wagula kale kwina, ndipo uthengawo mwaulipira. Mukafika poika zosankhazo nditumizireni chithunzi kumbali musanadine, ndikuonereni.

Nachisale:
Achimwene Yamikani, inenso mundionere yanga. Ndikufuna kudziwa ngati ndiike Randburg kapena ndiichotse, poti a kumeneko amafunsa kwambiri koma obwera ndi ochepa.

Yamikani:
Tumizani achemwali, pamodzi ndi za m'kabuku mwanu za miyezi iwiri yapitayi. Ndiona mawa nthawi ya nkhomaliro.

Bambo Gondwe:
Make Tadala, thiraki inyamuka Lachisanu, ibwerera pa 22. Ngati mukufuna mpunga wina ufike kutha kwa mwezi kusanakwane, awuzeni a ku Karonga aupereke kwa mnyamata wanga ku Mzuzu pasanafike pa 18. Matumba angati?

Make Tadala:
Anayi malume. Ngati achimwenewa andibweretsera anthu, awiri sakwana.